Maliro Atatu Pansi pa Muwanga

Padangokhala, anzanga, ndipo vomerani msanga kuti tili tonse, chifukwa iyi yokha ikundiyabwa pakamwa!

Padangokhala Gologolo, mphunzitsi wa sukulu ya mkombaphala m'mudzi wa nyama wa Nyakwawa Mbira. Sukulu yakeyo inalibe khoma, inalibe denga. Ana ankaphunzirira pansi pa muwanga, ndipo muwangawo ndiwo unali mtengo wotsiriza m'mudzi monsemo. Ina yonse anali atailowetsa mu uvuni Nguluwe, kapitawo wa makala, n'kuipalasa panjinga kupita nayo kutauni.

Tsono vuto linali apa. M'mphako ya muwangawo, pamwamba penipeni, munali ana atatu a Gologolo, obadwa dzana, maso asanatsegule, ubweya usanamere. Kowasamutsira kunalibe. Kuwatsitsa pansi ndiye ayi, pakuti chithereni mitengo, Mphamba ankangozungulira m'mwamba tsiku lonse, ndipo kanthu kakang'ono kakangoonekera pamtetete sikankafika patali.

Tsiku lina ana akuphunzira kuwerenga ndi nthanga za masuku, anangomva njinga ikulira kwii, kwii. Nguluwe uyo! Anatsika, anazungulira muwanga kawiri, anaugogoda ndi chibakera, kenaka anatulutsa khala m'thumba n'kulemba mtanda pathunthu.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Taswera, kaya inu a kapitawo?"

"Ifenso taswera. Mawa mmawa musamukepo pano. Muwanga uwu ndaupenda, muli matumba makumi awiri."



"A kapitawo, m'mwambamu muli ana anga. Sanapenye n'komwe. Ndipatseniko masabata awiri okha."

"Nanenso ndili nawo asanu ndi mmodzi, mayi, ndipo anga onse anapenya kale. Akupenya m'mbale."

Anakwera njinga yake, uyo wapita.

Gologolo anathamangira kwa Nyakwawa Mbira, ndipo anawapeza akuotha mbaula dzuwa lili paliwombo, atafunda bulangete mpaka m'makutu. Makala a m'mbaulamo simufunsanso kuti anachokera kwa yani.

"Amfumu, ndithandizeni, ana anga afa!"

"Iii, mwana wanga, khala pansi uothe kaye. Ine ndi mphepo sitimvana, ukudziwa. Chilolezo ndinapereka kalekale, ndiye ndikachilanda ndiyambira pati? Kambiranani bwinobwino, ndinu anthu akuluakulu. Tandikankhira khala ilo."

Anabwerako chimanjamanja. Anakwera kumphako, anawafungatira ana ake.

Kutacha ana asukulu anabwera monga mwa masiku onse, koma palibe ankasewera. Onse maso anali pa mtanda wa khala uja. Kamwana ka Nkhwali kanafika mochedwa, kali wefuwefu.

"Pepani aphunzitsi, ndinapita kukatunga madzi kutsidya, poti kasupe wathu anauma. Ndiye pobwera ndadzera pakasupepo, ndaona a Chule ali gada, auma gwa ngati chikopa!"

"Anamwalira liti?"

"Kaya. Nyerere zayamba kale kuwayendera."

"Abale awo ali kuti?"

"Onse anasamuka madzi atatha."

Mchira wa Gologolo unaima njo. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumphako, kenaka anadumphira m'mwamba n'kuyamba kuthyola tinthambi ta masamba aawisi.

"Tengani, thamangani! Kayaleni pamsewu, kumtunda ndi kumunsi. Inu a Msulu awiri, katengeni a Chule pakamphasa. Wina akaitane amfumu. Otsalanu khalani pansi, ndikuphunzitseni nyimbo."

Nguluwe anatulukira nkhwangwa ili pakaliyala, akuimba mluzu. Atangoona masamba pamsewu, mabuleki kwii! Anatsika, anavula chipewa, n'kumakankha njinga pang'onopang'ono, chifukwa ngakhale wamakala amadziwa kuti pamasamba sapalasapo.

"Zagwa kwa yani, aphunzitsi?"

"Atisiya a Chule."

"A Chule? Amenewo si anafa sabata yatha?"

"Ndiye munawaika?"

Nguluwe anakanda kumutu. Mwambo wa m'mudzimo unali wosachita kufunsa: tsiku la maliro khasu la kumunda ligone, nkhwangwa igone.

"Vuto ndi adzukulu," anatero Gologolo akupukuta m'maso. "Okumba manda tilibe. Chinangwa cha adzukulu ndaphika kale mtanga wonse, koma wochidya ndani? Paja adzukulu amadya okha, ndipo amayamba ndiwo."

Mphuno ya Nguluwe inagwedezeka.

"Maliro n'kulirana, mayi. Khasu lili kuti?"

Tsono manda akale a mudziwo anali atakokoloka ndi madzi chaka chathacho, pamalopo panangotsala chigwembe. Choncho Gologolo analoza kutali, kuseri kwa mauvuni, kumene kunalibe ngakhale kaudzu.

"Mukakumbe uko, a kapitawo. Kutali ndi mtengo wanu."

Abale inu, nthaka ya kumeneko! Khasu linkangodumpha ngati likumenya mwala. Anayesa ndi mphuno, mphuno inatupa. Dzuwa nalo linkamuwotcha pamsana, thukuta lili kamukamu. Pakutha pa ola lathunthu anali atakumba kadzenje kosakwana n'chikho chomwe. Anabwerera khasu lili paphewa.

"Kumeneko sikukumbika. Tiwaika pano pamthunzi, dothi lake n'lofewa."

"Pano?" Gologolo anakuwa mokweza kuti aliyense amve. "Ayi, a kapitawo, pano ndi pa matumba anu makumi awiri!"

"Mdzukulu ndani pano, inu kapena ine?"

"Ndinu."

"Mawu a mdzukulu amatsutsidwa pamaliro?"

"Satsutsidwa. Amfumu, mwamva nokha, anena okha."

"Ndamva, ndamva," anatero Nyakwawa Mbira ali m'bulangete. "Fulumirani, kukuzizira."

Nguluwe akukumba, ana anayamba nyimbo ija. Kamwana ka Nkhwali kankatsogolera, kufunsa amene anamwa madzi a Chule, ndipo anzake ankayankha kuti ndi dzuwa. Kankafunsanso amene anatsegulira dzuwalo chitseko, ndipo apa onse ankatchula nkhwangwa, mawu akutsikira pansi ngati a anthu otopa, kenaka n'kuwomba m'manja kamodzi kokha, phaa, ngati kugwa kwa mtengo. Inali nyimbo yokoma zedi, moti Nguluwe ankaponya khasu motsata kuwombako, osamva n'komwe zomwe ikunena.

Atakwirira, Gologolo anatenga nthanga imodzi ya masuku n'kuibzala kumutu kwa manda. Nguluwe anadya chinangwa chonse, anageya, anapita.

Anthu atabalalika, Gologolo ananong'oneza amfumu.

"Tsopano pano ndi pamanda, eti? Ndipo kumanda sadula mtengo."

"Iii, mwana wanga, ka Chule kamodzi kopanda abale? Manda ndi amene ali ndi eni ake owalirira ndi kuwasesa. Manda awa, a Nguluwe akafuna angofukula n'kukaika kwina. Usandiike pa mpeni."

Ndiye kuti tsiku lonse lija anangogula tsiku limodzi. Ana m'mphako anali chikhalire osapenya.

Mmawa mwake Gologolo sanadikire mwayi. Anawafunsa ana asukulu mmodzimmodzi kuti atchule amene ankawaona kale koma masiku ano sakuwaonanso. Mayo, mayina anachuluka! Wina anati Njuchi, wina anati Kadzidzi, wina anati bowa yemwe amayi ake ankazula pansi pa mitengo ya mitondo. Koma onsewo anali atangochoka, panalibe mtembo. Potsiriza kamwana ka Msulu kanati kuseri kwa chitsa china kuli a Nkhono, ndipo chiyambire mwezi watha sakusuntha.

"Masamba pamsewu! Thamangani!"

Nguluwe anafika, anaona masamba, anatsika, koma chipewa anachivula mochedwa.

"Leronso?"

"Imfa siiona kalendala, a kapitawo. Atisiya a Nkhono."

Nguluwe ananyamula chigoba chija, anasuzumiramo ndi diso limodzi, anachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Muno mulibe munthu!"

"Anauma mpaka kutha. Mthunzi wawo utachoka anayenda masiku anayi kufuna wina, sanaupeze. Kodi munthu akaonda kwambiri saikidwa?"

"Aphunzitsi, ine ndili ndi oda ya makala kutauni."

"Pitani, a kapitawo, palibe kanthu. Mtedza wa adzukuluwu tingowagawira anawa."

Umenewo unali mtedza wake weniweni wa Gologolo, womwe anasunga kuti azidya poyamwitsa, ndipo unali wotsiriza. Anautsanulira pansalu. Nguluwe anauyang'ana, anayang'ana nkhwangwa, anayang'ananso mtedza.

"Kamanda ka Nkhono n'kakang'ono. Bweretsani khasu."

Ulendo uno za kuseri kwa mauvuni sanazifune n'komwe. Anangokumba pambali pa Chule. Ana anaimbanso nyimbo yawo, ndipo inali itatalikirako, chifukwa anawonjezera ndime yofunsa amene anavula Nkhono chofunda chake. Yankho linali lomwe lija, kuwomba m'manja kunali komwe kuja. Koma tsopano khasu la Nguluwe linkaphonya kuwombako, ndipo khutu lake limodzi linali litaima.

Pakudya mtedza pakamwa pake panamasuka.

"Ukadzukuluwu ndi wa kumtundu kwathu. Malume anga a Gwedeza ndiwo anali mkulu wa adzukulu m'mudzi muno. Mwamuna uja! Analimbana ndi kambuku mpaka dzino limodzi lalitali linathyoka, koma kambukuyo sanabwererenso. Ndiwo anandiphunzitsa kugwira khasu. Ankandiuza kuti, mphwanga, dula paliponse koma kumanda usadzakhudzeko ngakhale kanthambi. Ndipo sindinakhudzeko, mufunse aliyense."

"Anagona kuti malumewo?"

Nguluwe anasiya kutafuna.

"Kumanda akale. Madzi aja... sindipitako ine kumeneko."

Kenaka maso ake anagwera pa timitumbira tiwiri tija, anakwera pathunthu la muwanga, anatsikiranso pa Gologolo amene ankabzala nthanga ina kumutu kwa Nkhono. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Ohoo. Ndiye nzeru zake n'zimenezi? Mukufuna pano pasanduke pamanda?"

"Ine? Munasankha nokha malowa, amfumu ndi mboni."

"Mwandidyetsa bwino, aphunzitsi, zikomo. Koma mawa ngakhale muyale masamba kuchokera pano mpaka kutauni, ine ndidzapalasa pomwepo. Tiachule tanu ndi tizigoba ndidzatifukula ndi chala chimodzi. Dzuwa likamadzatuluka, nkhwangwa idzakhala italowa kale."

Atapita, ana onse anayamba kulira. Koma Gologolo anawomba m'manja.

"Sukulu sinaweruke! Imani pamzere. Lero tikaphunzirira kuchigwembe."

Anayenda mothithikana, amayi a Nkhanga akuwaperekeza kuopa Mphamba. Atafika, Gologolo anawaonetsa chitsa china chomwe chinatsalira m'mphepete, mizu yake itagwira dothi ngati zala zogwira ufa, pomwe mbali zonse dothi linali litapita.

"Mwaona? Mvula ikagwa pamtengo imatsika pang'onopang'ono, imalowa pansi, imakatulukira kukasupe. Ikagwa pamtetete imathamanga ngati wakuba, ndipo imanyamula chilichonse. A kapitawo kumanda sanaduleko, n'zoona. Anadula kumtunda kwake. Tsopano fufuzani, muone zomwe madzi anasiya."

Anafufuza, anafufuza, dzuwa likupendeka. Anapeza mbale yosweka, anapeza mkanda. Gologolo ankangoyang'ana kumudzi, poti nthawi yoyamwitsa inali itadutsa kale. Kenaka kamwana ka Msulu kanakuwa. Mumchenga munali chigaza cha nguluwe!

Gologolo anachifukula ndi manja ake. Anachipukuta. Anachitembenuza. Mayo ine, mano onse awiri aatali anali amphumphu! Sanali a Gwedeza.

Anakhala pansi, kakasi. Kufunafuna china nthawi inali itatha.

"Ana inu, pitani ndi amayi a Nkhanga mukabwereke mphasa. Nonse. Musacheuke."

Atangokhota, anatola mwala. Koma dzanja linaima m'malere. Dzino liti? Nguluwe anangoti limodzi, sananene lakuti. Lakumanja? Lakumanzere? Anayang'ana ili, anayang'ana ilo, ndipo palibe chinamuuza kanthu.

"Pepani agogo, kaya ndinu ndani," ananong'ona. "Nguluwe zonse ndi pachibale. Ndikupezerani pogona pabwino."

Anatsinzina. Khoo! Lakumanzere linagwa, ndipo analikankhira pansi pa mchenga.

Mphasa inabwera, koma chigazacho chinali cholemera, anawo anali atatopa, choncho anachikulunga m'mphasa n'kupangana kuti mmawa akulu a Msulu adzachinyamule, ana akuimba pambuyo.

Kunacha. Gologolo anayala masamba yekha. Asanamalize n'komwe, njinga ija inatulukira, ndipo Nguluwe anapalasa pamasambapo, tswa, tswa, chipewa chili kumutu. Kuchigwembe kunali zii.

"Mwadzuka bwanji, a kapitawo?"

"Chokanipo."

"Tamvani kaye, lero kuli..."

"Ndati chokanipo!"

Analavulira m'manja, anakweza nkhwangwa. Gu! Muwanga wonse unanjenjemera, ndipo m'mwamba munamveka timawu titatu, tswii, tswii.

"A kapitawo, mpini wanuwo ukuoneka wogwedera, tandionetsani!"

Gu! Zibanthu zinauluka. Pamwamba pa mtengo Mphamba anali atayamba kale kutsika, akuzungulira chapafupi.

Gologolo anadumpha n'kukakamira pabala la nkhwangwa lomwelo, manja ndi miyendo, maso ali tsinzi.

"Yambani ndi ine!"

"Mayi, musandiyese. Ndikuchotsanipo ndi mchira."

Anamugwiradi mchira. Ndipo pomwepo, anzanga, pomwepo, kuchokera kumunsi kunamveka kuwomba m'manja kamodzi. Phaa!

Ankabwera! Patsogolo akulu anayi a Msulu atasenza mphasa, pambuyo ana onse, pambuyo pawo makolo awo, ndipo kumapeto kwenikweni Nyakwawa Mbira akukoka bulangete. Nyimbo ija inali itakula, tsopano ikuimbidwa ndi mudzi wonse. Ndime yatsopano inkafunsa amene anadzutsa ogona m'manda, ndipo yankho linali madzi. Inkafunsanso amene analambulira madziwo njira, ndipo potchula nkhwangwa panalibe woyang'ana kumbali, onse maso anali pa yomwe inali m'manja mwa Nguluwe. Ulendo uno anamva liwu lililonse.

Anatula mphasa patsogolo pake.

"Sindikumba," anatero Nguluwe. "Kaya ndi nyerere, kaya ndi chiwala, kabwezeni komwe mwakatenga."

"Chabwino," anatero Gologolo akutsika. "Tikawataya kuchigwembe konko. Koma mwambo umati mdzukulu aone nkhope kaye. Amfumu, ndanama?"

"Sunaname, mwana wanga."

Nguluwe anafunyulula mphasa ndi phazi. Anaima. Nkhwangwa inatsetsereka m'manja mwake n'kugwa pansi. Anagwada, ananyamula chigaza chija mphuno yake italoza kutsogolo, n'kumachisisita pamutu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope yake inayamba kusintha.

"Dikirani. Malume linathyoka lakumanja. Ili ndi lakumanzere."

Eee! M'mwamba ana ankalirabe. Nguluwe anali atayamba kale kutembenuka, maso ali psuu.

"A kapitawo," anatero Gologolo, ndipo mawu anatuluka aang'ono ngati a udzudzu. Anatsokomola. "A kapitawo, kodi malume anu munkacheza nawo mutawakhalira kumbuyo?"

"Mukuti chiyani?"

"Mwawagwira ngati mukuwakankha panjinga. Munthu wamkulu amayang'anidwa kumaso."

Anagwira chigazacho ndi manja onse awiri n'kuchitembenuza kuti chiyang'anizane naye.

"Tsopano kwezani dzanja lanu lamanja. Dzino lothyoka lili mbali iti?"

Nguluwe anakweza dzanja. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana dzino. Zinali mbali imodzi!

"Malume! Malume anga ine! Chaka chathunthu muli pamchenga ngati galu, ine ndikupalasa njinga!"

Kulira kwake kunamveka mpaka kutsidya, moti Mphamba anadzidzimuka n'kukwera m'mwamba. Amayi a Nkhanga anayamba kulira nawo, ana nawonso, ndipo Gologolo analira kuposa onse, koma iye yekha ndiye ankadziwa chomwe akulirira.

"Chibale ndi fupa, sichiwola," anatero Nyakwawa Mbira akufwenthera m'bulangete. "Tsono tiwaika kuti?"

Gologolo analoza kuseri kwa mauvuni.

"Uko, amfumu. Pano a kapitawo akudula lero."

"Kumene kuja?" Nguluwe anadzuka. "Kuti mvula ikadzabwera adzakokolokenso?"

"Ndiye kumtunda, kuzitsa."

"Kumeneko ndiye kumayambira madziwo!"

"Kumunsi?"

"Kumunsi ndi kuchigwembe, mayi, mukuganiza bwanji?"

"Ndiye ine sindikudziwa, a kapitawo. Mdzukulu ndinu."

Nguluwe anayang'ana kum'mawa, anayang'ana kumadzulo. Mudzi wonse unali mbee. Malo okhawo amene dothi linali chigwirire anali pomwe anaimapo, pakati pa mizu ya muwanga. Anayang'ana bala lomwe anatema, loyera, likuchucha madzi.

"Matumba makumi awiri," anatero motsitsa. "Ana anga adya chiyani?"

Funsolo linali loona. Kenaka amayi a Nkhanga anati kudimba kwawo kukusowa wogaula, ndipo mphuno ngati imeneyo siingagone ndi njala. Mkulu wina wa Msulu anati kwawonso. Nguluwe sanavomere, sanakane. Anangotambasula dzanja.

"Khasu."

Anakumba manda aakulu, akuya, osadula muzu ndi umodzi womwe. Ukamutchinga ankauzungulira ndi manja. Chakudya cha adzukulu tsiku limenelo kunalibe, ndipo sanachifunse. Atakwirira anapempha yekha nthanga kwa Gologolo, osati imodzi koma dzanja lonse, ndipo ana anamuthandiza kubzala kuzungulira manda onse atatu. Kenaka anakanda dothi n'kumata bala la muwanga, anafufuta mtanda wa khala uja ndi chipewa chake.

Nyakwawa Mbira anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anavula bulangete.

"Mwaona nonse. Kuyambira lero pano ndi pamanda, ndipo eni ake alipo. Wokhudza mtengo wa pano, kaya waukuluwu kaya timene tidzamereti, mlandu wake ndi wa mudzi wonse." Anafundanso msangamsanga. "Koma sukulu ipitirire. Ogonawa phokoso la ana saliopa."

Gologolo sanadikire kuti amalize. Anali kale m'mwamba, ndipo anawapeza onse atatu ali moyo, atapanikizana pakona, anjala, akukalipa.

Ndiye mverani zotsiriza, chifukwa apa ndi pomwe ndimapakonda! Patapita masiku asanu ndi anayi kunabwera Njiri, wamakala wa mudzi wina, atamva kuti kwatsala muwanga wa matumba makumi awiri. Anaimika njinga, anamasula nkhwangwa. Sanadziwe kuti kuseri kwa mtengo kuli wina akusesa pamanda.

"Achimwene, mukufuna chiyani pa malume anga?"

"Malume ake ati? Ine ndikuona makala."

Anzanga, fumbi lomwe linabuka pamenepo! Njiri anathawa mchira uli njo, njinga anaisiya, nkhwangwa anaisiya, ndipo ana asukulu anamuwombera m'manja mpaka anakalowa kutsidya. Nguluwe anabwerera akupuma mwamphamvu, anatola tsache lake, ndipo atakweza maso anaona timitu titatu tikusuzumira pamphako, timaso tili ngwee, tikumuyang'ana iyeyo.

"Aphunzitsi!"

"Wawa, a kapitawo?"

"Apenya anawa?"

"Apenya lero lomwe!"

"Chabwino. Muwauze asamagwetsere makoko pa malume."

"Ndamva, a kapitawo."

Yanga yathera pamenepa, anzanga. Amene ali ndi nthanga m'thumba asaikazinge.